Kalabu ya umoyo wa m'maganizo pasukulu pathu: mmene zikuyendera

Anzanga aphunzitsi mwakhala mukundifunsa kuti kalabu ija ili pati, nde ndaona kuti bola ndingokopera zomwe ndakhala ndikulemba m'kope langa chiyambireni chaka cha sukulu, ndangochotsamo zoti zingamudziwikitse mwana. Kwa amene simukudziwa, sukulu yathu ndi CDSS, ana onse ndi oyendera, ena amachokera kutali ndithu wapansi. Ine ndimaphunzitsa Life Skills ndi Chichewa. Timakumana Lachitatu tikaweruka, ana a Fomu 2 ndi Fomu 3, wobwera amabwera mwa kufuna kwake ndipo palibe malikisi.

SEPUTEMBALA

Ahedi avomera, koma anayamba andipanikiza kaye ndi mafunso, ndipo anali mafunso abwino. Loyamba linali loti positive psychology yo, maphunziro omwe kalabuyi ikutsatira, ndi chiyani kwenikweni, si zija zongouza anthu kuti azimwetulira olo zinthu zitavuta? Ndinawafotokozera mmene ndikudziwira. Nkhaniyi inatchuka mu 1998 pamene Martin Seligman wa ku University of Pennsylvania anakhala pulezidenti wa American Psychological Association, bungwe la akatswiri a zamaganizo ku America. Dandaulo lake linali loti akatswiriwa atha zaka zambiri akufufuza zomwe zimamudwalitsa munthu, nkhawa, kukhumudwa, kusokonekera mutu, koma zomwe zimamupangitsa munthu kulimba mtima ndi kuukonda moyo wake anazisiya pambali, ngati kuti munthu akangoti sakudwala nde kuti ali bwino basi. Pambuyo pake anadzatchula zinthu zisanu zomwe amazifupikitsa kuti PERMA, kumva kukoma mumtima, kutengeka ndi chomwe ukuchita mpaka kuiwala nthawi, ubale wabwino ndi anthu, kuona kuti moyo wako uli ndi tanthauzo, ndi kukwanitsa zomwe unafuna.

A PTA nawo anafunsa kuti kodi zimenezi ndi za mpingo wanji. Ndinawauza kuti si za mpingo uliwonse, tili ndi ana achikhristu ndi achisilamu ndipo aliyense abwera ndi chikhulupiriro chake, sitimuchotsera komanso sitimuwonjezera.

Sukulu yomwe imatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi Geelong Grammar ya ku Australia, komwe Seligman ndi gulu lake anapita mu 2008 kukaphunzitsa aphunzitsi kuti zimenezi zilowe m'sukulu yonse. Koma imeneyo ndi sukulu ya ana a anthu opeza bwino, olo Mfumu Charles ya ku Britain inaphunzirako ili mnyamata. Ife tili ndi choko, bolodi ndi mthunzi wa mango kuseli kwa Fomu 1, nde ndasankha zokhazo zoti zingachitike popanda magetsi, popanda foni, popanda kugula kanthu.

Tisanayambe china chilichonse ndinafuna poyambira poti ndidzayerekezere. Ndagwiritsa ntchito mafunso asanu a bungwe la WHO aja amati WHO-5, amafunsa za masabata awiri apitawa, ngati wakhala wosangalala, ngati mtima unali m'malo, ngati unali ndi mphamvu, ngati umadzuka utapuma mokwanira, ndi ngati masiku ako anali ndi zinthu zokupatsa chidwi. Funso lililonse mwana amadzipatsa kuyambira 0 mpaka 5, zonse pamodzi 25. Ndinawalembera pa bolodi m'Chichewa changa, nde manambala athuwa ndi ongotiunikira ife tokha, osati oti nkupita nawo kutali. Maina sanalembe, aliyense anasankha kachizindikiro kake kobisa koti azikagwiritsa ntchito chaka chonse. Chomwe chinandigunda pamtima ndi funso la tulo lija. Ndi lomwe linatsika kuposa onse, makamaka kwa atsikana, ndipo nditafunsa mwachisawawa anati madamu timadzuka kudakali mdima, madzi, moto, kusesa, kenako ulendo wa kusukulu.

OKUTOBALA

Tayamba ndi zinthu zitatu zabwino. Usiku uliwonse usanagone ulembe zinthu zitatu zomwe zayenda bwino tsikulo, ndipo pa chilichonse ulembenso chifukwa chake chinachitika. Zikuoneka zazing'ono koma zinayesedwa. Mu 2005 Seligman ndi anzake, Steen, Park ndi Peterson, anatulutsa zotsatira za kafukufuku yemwe anachita ndi anthu akuluakulu kudzera pa intaneti, ena anawapatsa ntchito imeneyi kwa sabata imodzi yokha, ena anangowauza kuti azilemba zomwe akukumbukira za ubwana wawo, ndipo a zinthu zitatu aja anapezeka kuti akumvabe bwino ndipo kukhumudwa kwachepa mpaka patatha miyezi isanu ndi umodzi, makamaka amene anapitiriza okha sabata ija itatha.

Vuto loyamba linali kope. Ena alibe lapadera, ena alibe chowunikira usiku, koma chachikulu atsikana anati kunyumba kulibe pobisa, achimwene kaya abale ena akalipeza awerenga mokweza pamaso pa anthu. Nde tinagwirizana kuti usiku aziwerengera pa zala zitatu ali chigonere, m'mawa akafika azilemba m'timakope tomwe tinapanga podula makope akale pakati, ndipo timasunga mu kabati ya mu sitafu rumu. Ine sindiwerenga pokhapokha mwana atandipatsa yekha.

Gawo la "chifukwa chiyani chinachitika" ndi pomwe pali nkhani yonse. Masabata oyamba pafupifupi aliyense amalemba kuti ndi Mulungu basi, kapena ndi mwayi. Ine sindinatsutse, ndimakhulupiriranso chimodzimodzi, ndinangowonjezera funso limodzi kuti chabwino, nanga Mulunguyo anadzera mwa ndani? Apa nde zinatseguka. Ndadya nsima ya nyemba chifukwa agogo anasunga nyemba kuchokera pokolola. Ndafika msanga chifukwa akabaza ena ananditenga ulere poti amadziwana ndi malemu bambo. Ndamva equation chifukwa mnzanga anandibwerezera kawiri osandiseka. Amene anafuna kuwerengera anzawo anawerenga, ndipo ine nditakhala kumbuyo ndinazindikira kuti pa zinthu zomwe amatchula, zochepa kwambiri ndi katundu kapena ndalama, pafupifupi zonse ndi munthu wina amene wawachitira kanthu. Zimenezi zasintha mmene ndikuionera pulojekiti yonse. Ndimaganiza kuti tikhala tikugwira ntchito ndi mwana payekha ndi kope lake, koma ana akundikokera ku ubale wawo ndi anthu, ndipo ndaganiza zowatsatira komweko.

Alipo ana angapo omwe amati palibe chabwino chilichonse chachitika. Sindikuwakakamiza. Ndawauza kuti tsiku lotero alembe kuti lero palibe, chifukwa sindikufuna mwana aphunzire kunama kuti madamu akondwe. Mmodzi wa iwo ndikumuyang'anira mwapadera.

Pa 10, tsiku lokumbukira umoyo wa m'maganizo padziko lonse, ahedi anatipatsa mpata pang'ono pa asembule. Ana awiri analankhula, sabata yotsatira kunabwera ena atsopano, anyamata ambiri, zomwe sindimayembekezera.

NOVEMBALA

Mwezi uno ndi wa mphamvu za khalidwe. Christopher Peterson ndi Seligman mu 2004 anaika pamodzi makhalidwe abwino 24 omwe anapeza kuti anthu a mitundu ndi zipembedzo zosiyanasiyana amawalemekeza, monga kukoma mtima, chilungamo, kulimbikira, kukhululuka, kudzichepetsa, nthabwala, chidwi chofuna kudziwa, kudziletsa, chiyembekezo, kugwira ntchito ndi anzako, nkuwagawa m'magulu asanu ndi limodzi. Pali mafunso a pa intaneti amati VIA oti munthu ayankhe adziwe zake zazikulu, koma ife za bandulo ndi mafoni sizingatheke, nde tinadula makatoni nkulemba khalidwe limodzi pa kakhadi kalikonse, nkumwaza pansi.

Nditati aliyense atole makhadi omwe akuona kuti ndi ake, kunali zii. Palibe anadzuka. Mtsikana wina wa Fomu 3 ndiye anandimasulira, anati madamu kumeneko ndi kudzitama, anthu atiseka. Ndipo akunena zoona, tinawalera tokha choncho, mwana wodzichemerera timamudzudzula. Nde tinatembenuza. Awiriawiri, aliyense afotokoze tsiku lomwe anamuona mnzakeyo akuchita chinthu chabwino kwambiri, kenako amutolere makhadi. Aaa apa nde kalasi inadzuka, nthawi inatha osadziwa. Pali mnyamata wina yemwe ku sitafu rumu tonse timamudziwa kuti ndi wovuta, wa phokoso, chilango sichimutha. Mnzake anafotokoza kuti tsiku lina mwana wa Fomu 1 akuzunzidwa panjira ndi anyamata akuluakulu, ndi iyeyu yekha anaima nkuwasokoneza ndi nthabwala mpaka anamusiya, nde anamutolera kulimba mtima, nthabwala ndi chilungamo. Mnyamatayo anangoyang'ana pansi makhadi ali m'manja. Zaka zonsezi wakhala pasukulu pano sindikukhulupirira kuti pali wamkulu aliyense anamuuzapo kuti ali ndi chabwino, ndipo nkhaniyi ndinakaifotokoza kwa aphunzitsi anzanga tsiku lomwelo.

Ntchito yakunyumba ndi kutenga mphamvu imodzi nkuigwiritsa ntchito mwanjira yatsopano sabata imeneyo. Iyi yayenda mwapakatikati, ambiri amaiwala. Mvula yayamba, ana ena sakubwera poti kuli kudzala.

DISEMBALA

Takumana kamodzi kokha chifukwa cha mayeso a temu. Ndawapatsa ntchito ya pa holide, kulemba kalata yothokoza munthu yemwe anawachitira zabwino koma sanamuthokozepo bwinobwino, nkukamuwerengera pamaso.

JANUWALE

Malipoti a makalata abwera osakanikirana, ndipo ndaphunziramo zambiri. Ena zinayenda bwino kwabasi, mtsikana wina anawawerengera agogo ake omwe sadziwa kuwerenga, agogowo analira kenako anatenga kalatayo nkuipinda nkuisunga, akuti aliyense wobwera pakhomo akumamuuza kuti awawerengerenso. Wina amalume ake atamva kalata yonse anafunsa kuti nde ukufuna zingati. Koma yomwe yandikhalitsa pansi ndi ya mayi wina amene anabwera okha kusukulu sabata yotsegulira ali ndi mantha, kufunsa ngati mwana wawo ali bwinobwino, chifukwa iwo atamva mwana akuwathokoza pa zonse zomwe anamuchitira chibadwireni anaganiza kuti akutsanzika. Ndi nkhani zodzipha zomwe timamva masiku ano, mantha awo ndi omveka ndipo anachita bwino kubwera. Mwanayo ali bwino, tinakhala naye pansi atatu. Kwa anzanga amene mukufuna kuyesa ntchito ya kalatayi, auzeni makolo pasadakhale kudzera ku PTA kuti ana abwera ndi makalata otere ndipo ndi ntchito ya kusukulu. Komanso musakakamize zowerenga pamaso, mwana kumuyang'ana wamkulu nkumamuuza za mumtima si chinthu chophweka kwathu kuno, ena anasankha kukawathandiza kumunda tsiku lonse nkungonena mawu awiri pomaliza, ndipo ine ndavomera kuti nayonso ndi kalata. Mu kafukufuku wa 2005 uja kalata yothokozayi ndi yomwe inakweza chimwemwe kwambiri nthawi yomweyo kuposa ntchito zina zonse, koma patatha mwezi mphamvu yake inayamba kuzilala, nde sindikuyembekezera kuti kalata imodzi ikonza chaka chonse.

Zotsatira za temu yoyamba zatuluka nde takhala pa nkhani yolephera. Ndinawapempha alembe popanda dzina chiganizo choyamba chomwe chinabwera m'mutu ataona malikisi awo oipa kwambiri. Ine ndine mbuli. Masamu si a kwathu. Olo ndiwerenge bwanji sizisintha. Seligman yemweyu asanayambe za chimwemwe anadziwika ndi kafukufuku wa mu 1967 yemwe anachita ndi Steven Maier pa agalu, anapeza kuti galu amene wamva ululu kangapo popanda njira yothawira amasiya kuyesa, olo njira itatseguka amangogona pomwepo. Pa anthu anadzaona kuti chofunika kwambiri ndi mmene munthu amadzifotokozera vuto lake, kaya akuti ndi la muyaya kapena la kanthawi, kaya akuti lakhudza moyo wonse kapena mbali imodzi, kaya akuti vuto ndi iyeyo monga munthu kapena ndi zomwe zinachitika. Nde tinatenga ziganizo zija nkumazifunsa mafunso ngati kubwalo la milandu, umboni uli pati woti ndiwe mbuli pomwe Agriculture wakhoza? Unalephera masamu onse kapena ndi topiki iti? Nthawi yomwe ankaphunzitsa topiki imeneyo unali m'kalasi kapena unali utabwezedwa fizi? Ambiri anapeza kuti anajomba masiku omwewo. Sitikuwauza kuti anakhoza, analephera ndithu, koma "sindinamve ma fraction chifukwa kunalibe ine" ndi vuto loti lili ndi pogwira, pomwe "ndine mbuli" palibe chochita nalo.

Ndalankhulanso ndi anzanga ku sitafu rumu za kafukufuku wa Carol Dweck ndi Claudia Mueller wa mu 1998, woti ana oyamikiridwa kuti ndi anzeru amayamba kuthawa ntchito zovuta poopa kuoneka opusa, pomwe oyamikiridwa chifukwa cha khama lawo amalimbikira. Ena amva, ena ati ine nde ndimawauza zoona zokhazokha. Tipitiriza kukambirana.

FEBULUWALE

Mwezi wovuta. Ana achepa kwambiri Lachitatu, ndipo amene akubwera ena akuwodzera. M'makomo ambiri chimanga chinatha kale, mitengo pamsika yakwera, ana ena tikaweruka akuthamangira ganyu wopalira, ena abwezedwa fizi. Kumuuza mwana yemwe sanadye chidzukireni kuti akhale mpaka madzulo tikambe za chiyembekezo, mtima wanga wakana. Nde tafupikitsa nthawi, ndipo amayi a mother group atithandiza, aliyense wa ife aphunzitsi amene angathe akusonkha kangachepe, iwo akuphika phala Lachitatu. Kungoyamba phala ana abwereranso. Sindikuona vuto lililonse kuti ena akubwerera phalalo, abwere.

Ndabwerezanso mafunso asanu aja ndipo manambala atsika poyerekeza ndi Seputembala. Ndalemba mmene zililimo. Ndi njala imeneyi kukanakhala kodabwitsa akanakwera, ndipo popeza ndilibe gulu lina loyerekezera nalo sindinganene kuti kalabu yathandiza kapena ayi. Zimenezi ndikufuna zimveke chifukwa pa nkhani ya umoyo wa m'maganizo m'masukulu anthu amalonjeza zambiri. Ku Britain kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa MYRIAD, zotsatira zake zinatuluka mu 2022, masukulu oposa 80 ndi ana oposa 8,000, anayesa kuphunzitsa ana onse m'kalasi mindfulness, kuja kokhala chete nkuika maganizo pa kapumidwe kako ndi pa zomwe zikuchitika panopa. Mapeto ake sizinapose maphunziro omwe masukuluwo amapereka kale, ndipo ana ambiri sankachita nkomwe ntchito yakunyumba. Amenewo anali ndi ndalama ndi akatswiri. Ine zimandiuza kuti si chilichonse chomveka bwino chomwe chimagwira, ndipo mwana wokakamizidwa sapindula, nchifukwa chake yathuyi ikhalabe yongodzipereka olo ahedi ena atandiuza kuti bwanji ilowe pa taimutebo.

Mwana uja ndimamuyang'anira mu Okutobala uja anandipatsa kope lake yekha mwezi uno. Zomwe zinali mmenemo sindilemba pano. Ndingoti si nkhani ya zinthu zitatu zabwino, ndi nkhani yofunika akuluakulu achitepo kanthu. Ndinamuuza poyera kuti iyi sindingaisunge ndekha ndipo ndinamuuza anthu omwe ndiwauze ndisanawauze. Tinadzera kwa ahedi, kenako a zachisamaliro cha ana ku boma, ndi kuchipatala. Akuthandizidwa ndipo sukulu akubwera. Anzanga, musanayambe kalabu yotere dziwiranitu kuti mwana akakuululirani zoopsa mupita naye kuti, chifukwa mukatsegula khomo loti ana azilankhula, zolemera zidzatulukanso, ndipo ife ndi aphunzitsi, si madokotala. Nambala ya 116 ya Tithandizane, yaulere ija imayendetsedwa ndi YONECO, ndailemba pamwamba pa bolodi ndipo ndauza ma monitala kuti isafufutidwe.

Kuchokera pa nkhani imeneyi tayamba kanthu kena. Ku Harare dokotala wa zamaganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, agogo aakazi ophunzitsidwa bwino amakhala pa benchi panja pa chipatala nkumamvetsera anthu omwe ali ndi nkhawa ndi kuwathandiza kuona vuto limodzilimodzi, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anaonetsa kuti zimathandizadi. Amayi athu a mother group sanaphunzitsidwe ngati agogo amenewo nde sitikunamizira kuti ndi zomwezo, koma awiri adzipereka kuti tsiku la phala azikhala pansi pa mango paja, mwana wofuna kulankhula apite. Tagwirizana kuti ntchito yawo ndi kumvetsera, osaweruza, osalalikira, osakazitulutsa kumjigo, ndipo zikakhala zazikulu abwere nazo kwa ine kapena ahedi mwanayo akudziwa. Atsikana akupitako kuposa mmene amabwerera kwa ine.

MALICHI

Tinachita masewero, ndipo ndi mwezi womwe ana aseka kwambiri. Nkhani yake ndi ya Shelly Gable, yemwe ndi anzake anafufuza mmene anthu amayankhira mnzawo akawauza nkhani yabwino, nkupeza kuti ubale umalimba kapena kufooka pomwepo, osati pa nthawi ya mavuto yokha. Mayankhidwe alipo anayi. Mnzako akuti ndasankhidwa mu timu ya netiboli, iwe ukhoza kungoti "zabwino" maso ali kwina, ukhoza kuyamba kumuopseza kuti nde sukulu ulephera, ukhoza kuinyalanyaza nkuyamba nkhani yako, kapena ukhoza kusiya zomwe ukuchita nkumufunsa kuti eee anakuuza ndani, unamva bwanji, usewera pati, mpaka iyeyo aimvenso kukoma nkhani yake kachiwiri. Lomalizali ndi lomwe limamanga. Ana anasewera onse anayi ndipo lachiwiri lija amalitha mochititsa mantha, mawu ake enieni a m'makomo mwathu.

Kenako mnyamata wina anadzutsa nkhani yomwe sindinaikonzekere, anati madamu nkhani yabwino sauza aliyense, anthu ali ndi nsanje, ena akhoza kukuchita chipongwe. Kalasi yonse inavomera, ena anatchula za kulodzedwa. Sindinafune kuwaseka kapena kuwauza kuti zimenezo kulibe, chifukwa mantha amenewa akukhala nawo tsiku ndi tsiku ndipo anawaphunzira kwa anthu omwe amawakonda. Ndinangofunsa kuti alipo munthu mmodzi yekha amene ukakhoza mayeso umafuna amve ndipo sumuopa? Ambiri anali naye, agogo, mchemwali, mnzawo wa pa desiki. Ochepa analibe, ndipo amenewa ndi omwe akundidetsa nkhawa kuposa omwe amalephera mayeso. Nde funso tinalitembenuza, mmalo moti ndiuze ndani, tinati kodi iweyo ungakhale munthu woti mnzako akuuze zabwino zake osaopa? Ntchito ya mwezi wonse yakhala imeneyo, kumugwira mnzako ali ndi nkhani yabwino nkumufunsa mafunso atatu. Pa zonse zomwe tachita chiyambireni, iyi ndi yomwe ndaiona ndi maso anga ikuchitika kunja kwa kalabu, pa buleki, popanda ine kukumbutsa.

MEYI

Temu yachitatu, a Fomu 2 mutu uli pa JCE. Kukolola kwachitika nde nkhope zasintha, phala tayimitsa kaye kuti ndalama yotsalayo idikire chaka chamawa.

Takamba za zolinga. Apa ndinasamala chifukwa ana amva kambirimbiri zoti ungokhulupirira basi zitheka. Gabriele Oettingen wa ku New York University anapeza kuti kungolota zabwino zokhazokha kumachepetsa khama, munthu amamva ngati wafika kale. Njira yake amaitcha WOOP, utchule chomwe ukufuna, uganizire mmene zidzakomere chikatheka, kenako uyang'ane chopinga chenicheni chomwe chimakugwetsa, nkupanga pulani yoti chikabwera chopingacho ndichita chakuti. Mwana wina analemba kuti ndikufuna kukhoza Biology, chopinga ndi choti ndikafika kunyumba ntchito zimandidikira ndipo kukada tulo, nde pulani yake ndi yoti tikaweruka azitsala theka la ola ndi mnzake kuwerenga topiki imodzi asananyamuke. Ndaona kuti mapulani omwe muli mnzawo ndi omwe akutsatidwa, a munthu yekha akumatha sabata yoyamba.

Nkhani ya tulo ija yabweranso. Ena akuwerenga usiku wonse miyendo ili m'beseni la madzi ozizira kuti asagone, m'mawa m'kalasi ali gone. Ndawafotokozera kuti a msinkhu wawo amafunika maola 8 mpaka 10, ndipo zomwe wawerenga zimakhazikika m'mutu uli mtulo, nde kuchezera usiku ndi kudzibera wekha. Koma kwa atsikana odzuka mbandakucha aja nkhani si ya iwo okha, nde ndapempha kuti pa msonkhano wa makolo ukubwerawu ndipatsidwe mpata ndipemphe kuti ana olemba mayeso awachepetsereko ntchito za m'mawa, anyamata a pakhomopo agawaneko.

Aphunzitsi a masukulu awiri oyandikana nafe apempha manotsi kuti akayambe kwawo. Ndasangalala koma ndawapempha kuti abwere kaye adzakhale nafe Lachitatu lingapo. Alejandro Adler, yemwe anaphunzira pansi pa Seligman, anayesa maphunziro a umoyo wabwino m'masekondale a ku Bhutan, ana anapezeka akumva bwino komanso mayeso akukhoza bwino kuposa a masukulu oyerekezera, koma atakachita zomwezo ku Mexico ndi ku Peru ndi ana ochuluka kwambiri, komwe ophunzitsidwa amakaphunzitsa ena iwonso nkukaphunzitsa ena, phindu linapezekabe koma locheperako. Pepala lokha silingamuuze munthu chochita mwana akati lero palibe chabwino, kapena kalasi ikangoti zii.

Zomwe zatsala temu ino: mafunso asanu aja tibwereza komaliza a Fomu 2 asanalowe mayeso, ndipo ulendo uno mphunzitsi wa Fomu 3 wavomera kuti ana ake omwe sali mu kalabu ayankhenso, kuti tikhale ndi poyerekezera olo pang'ono, ngakhale ndikudziwa kuti obwera okha ku kalabu ndi osiyana kale ndi osabwera. Ana anayi a Fomu 3 adzipereka kuti chaka chamawa azitsogolera za makhadi ndi masewero kwa a Fomu 1 atsopano, nde Lachitatu likubwerali ayesera pamaso pa anzawo. Amayi awiri a pa mango aja apempha kuti apeze maphunziro pang'ono a kamvetseredwe, kalata yopempha thandizo kuchipatala cha boma ndalemba kale, ikudikira siginecha ya ahedi.